Mlongoti wa Achimwene

Lachisanu, pa 3 Januwale

Dzuwa la lero, chilango chenicheni. Ine kuseri kwa nyumba, manja pa chitsulo chotentha, kupotokola mlongoti wa eriyo ya kanema wa achimwene. Mayi wamkulu ndithu, wa imvi zake, wa makina ake osokera. Odutsa kumangopukusa mitu.

Eni ake m'kati, pa mpando wa khushoni, kutsogolo kwa kanema wakale uja wa chimsana. Mawu kutulukira pazenera: "Kumanja! Wapitirira! Bwerera pang'ono! Pomwepo!" Nyimbo ya nyumba ino chibwerere ine kuno. Alamu anaivina zaka zawo, anatopa, analongedza. Sindinawanenepo.

Masewera ake ndi awa, ndilembe mwina ndingawamvetse. Nyengo yotentha, masana ena, akuti kumwamba kumatseguka, ndiye zithunzi za makanema a mayiko akutali zimasochera n'kudzagwera pa eriyo yathu. Zimabwera kamphindi chabe, zopanda mawu, m'kati mwa timadontho toyera ndi takuda tija timati mpunga. Munthu wa ndevu kusangalala kuti waona theka la nkhope ya mlendo. Ana a anthu akuonera dziko lonse pafoni, bwinobwino, ndi mawu omwe. Iwo akuti zimenezo n'zogula, zawozi n'zosaka okha. Mlenje wa mpunga.

Ine sindinaonepo ngakhale chimodzi. Wopotokola saona. Ukamva "pomwepo" umange chitsulo, uzungulire nyumba, ulowe, ungomva kuti yapita. Nthawi zonse yapita.

Koma chandigwiritsa cholembera si dzuwa ayi. M'mawa achimwene athira tiyi pambali pa kapu, mpaka wafika pa nsalu za yunifolomu. Dzulo anapatsa moni thumba la zinyalala pakhomo pa aneba, n'kudandaula kuti anebawo ayamba kunyada. Ndati achimwene, tiyeni kuchipatala cha maso. Yankho: "Maso oona kanema wa kutsidya kwa nyanja angadwale?"

Sukulu akutsegulira Lolemba la pa 13. Basi ya ana, dalaivala wake ndi iwowa. Ndili ndi mantha, ndipo mantha ine amandikwiyitsa.

Loweruka, pa 4

Abwera a Batire. Bambo ogulitsa mabatire a galimoto kumsewu waukulu aja, mnzawo wa masewerawa. Bungwe lonse ndi awiriwo, wina wapampando, wina wachiwiri wake. Lamulo lawo: chithunzi chimawerengedwa chikaonedwa ndi anthu awiri, apo ayi chijambulidwe. Khoma lonse la pabalaza ladzaza ndi zojambulazo, zakale, zotuwa. Ichi akuti ndi wotchi, icho akuti ndi mbendera. Ine ndimangoona nsalu yosachapa. Chatsopano palibe chiyambire chaka chatha. Akuti kamera ya foni inafooka.

Ndinasangalala powaona, chitsiru ine. Ndimati maso ena abwera, bodza liyaluka lero.

Anandituma ku mlongoti monga mwa masiku onse. Kumanja, kumanzere, pomwepo. Nditamanga chitsulo ndinayandikira zenera kumvetsera. Achimwene akuti, bambo uyo, wavala tayi, akuwerenga nkhani. A Batire kakhosomo. Kenako: "Ee, ee, tayiyo ndaiona. Yamizeremizere." Mizere yomwe! Ndinasuzumira pakona pa katani, koma zenera lili kumbali, galasi la kanema silioneka. Pomwe ndimalowa onse awiri anali atatsamira m'mipando ngati akhuta. Yapita.

Amwa tiyi wanga, atha shuga. Nkhani zawo: mayiko akuzimitsa makanema amtundu wakalewa limodzilimodzi, atsala ochepa, dziko likutha. Nkhope zamaliro ndithu. Pamaliro a bambo sindikumbuka achimwene atagwetsa nkhope chotere.

Potuluka a Batire anandiuza kuti ndili ndi dzanja labwino pa mlongoti. Ndiye ulemu umene ndatola pa moyo uno.

Masiketi a ana sanathe. Masana makina saloledwa, akuti injini yake imalemba mizere pa kanema. Ndisoke liti, ndidye chiyani, zimenezo si za bungwe.

Lolemba, pa 6

Tsiku lonse pa makina mpaka nthawi ya masewera awo. Madiresi, makabudula, malaya oyera. Yunifolomu za sukulu yomweyo ya basi. Ana ake ndimawadziwa ndi tepi. Kamtsikana kamene sikaima phee poyeza, kamaseka ukakakhudza m'khwapa. Mapasa aja, wina phewa lotsika. Kamnyamata kamene mayi ake amati ndisiye mpendero waukulu chifukwa kakukula ngati udzu. Onsewa amakhala kumbuyo kwa achimwene m'mawa uliwonse.

Temu yatha anakhula basi pa geti ya sukulu. Anabwera akufuka, akuti mlonda anasuntha geti. Geti ya njerwa. Ndinaseka tsiku limenelo. Lero sindikuseka.

Zonsezi ndinaziona kale. Bambo anayamba chimodzimodzi: tiyi pambali pa kapu, kupapasa khoma ngati akuona ngati penti yauma, kukalipira aliyense woyatsa getsi mochedwa. Chipatala anakana mpaka dokotala anati mwachedwa. Ndani anawagwira dzanja zaka zonse zija? Achimwene anali pa denga ndi mawaya. Ine ndinasiya nyumba yanga kudzasamala bambo, pobwerera ndinapeza pampando panga pakhala wina. Chigongono changa chakumanja mpaka lero chimakumbuka zala zawo.

Ndiye ndiyambirenso? Ndi munthu amene akanangopita kuchipatala mwina n'kuchira? Masiku ano ng'ala amachotsa, anthu amabwerako akuwerenga nyuzipepala. Ndawauza. Akuti madokotala akangokulemba m'buku lawo, laisensi yapita, ntchito yapita. Akuti ndimafuna adzikhala pakhonde ngati mphaka.

Masana ku mlongoti. Lero akuti agwira mpira, anthu ovala zoyera akuthamanga. Atatu lero, dzana mmodzi. Kale ankatha mwezi osagwira kanthu, n'kumatukwana mitambo. Chaka chino tsiku lililonse kumwamba kwatseguka. Maso akamatha m'pamene dziko lonse likubwera pabalaza pathu.

Chikhatho chatuluka thuza. Singano kugwira movutikira.

Lachiwiri, pa 7

Ndachita chinthu.

Patsinde pa mlongoti pali polumikizira, pamene waya wochokera ku eriyo amakumana ndi wolowa m'nyumba. Anakulungapo pulasitiki ndi mphira kuopa mvula. Ndikudziwa bwino, ndine ndinagwira tochi tsiku lomanga. Lero atafuula kuti ndiyambe, ndinamasula mphira, ndinapotokola kachitsulo, waya anatsala m'manja mwanga. Kanema m'nyumba osalumikizidwa ku chilichonse. Ngakhale kumwamba kutatseguka mpaka angelo kuoneka, sipakanabwera kanthu.

Dzanja lina waya, dzanja lina mlongoti. Ndinapotokola.

"Kumanja. Pang'ono. Bwerera." Ine chamumtima ndikupempha kuti atukwane, anene kuti lero kulibe kanthu, afunse chimene ndaononga. Ndikanalandira kutukwanako ndi manja awiri.

"Pomwepo! Gwira pomwepo! Mayi akuvina, wa nsalu kumutu!"

Ndinaima ndi waya wanga. Mayi akuvina. Anafotokoza mpaka ndolo.

Ndimayesa ndisangalala. Zaka zonsezi ndikufuna kuwagwira bodza akuluakuluwa, lero ndawagwira ndi umboni m'manja. Palibe kukoma kulikonse. Ndinangokhala pa njerwa. Nkhuku ya aneba kundiyang'ana.

Ndinabwezera waya, ndinakulunga mphira monga anakulungira eni ake. Polowa, yapita, monga mwa nthawi zonse. Anali akumwetulira, maso ali pakhoma pambali pa kanema. Ndinawayang'anitsitsa kwa nthawi yoyamba chaka chino. Pakati pa diso pali kotuwa, konse kuwiri. Sanadziwe n'komwe kuti ndikuwayang'ana.

Za waya sindinawauze. Ndinangofunsa ngati amwe madzi.

Chimene sindikudziwa: akunama, kapena akuonadi zinthu m'mpungamo? Bodza ndingalimbane nalo. Chinacho chikundiopsa kwambiri.

Lachinayi, pa 9

Dzulo sindinalembe. Ndinati mutu, ndinagona masana onse, mlongoti unapuma. Iwo anayendayenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Lero ndinapita kukagula ulusi ndi zipi, n'kudzera kwa a Batire. Kashopu konunkha asidi, mabatire mpaka kudenga, iwo pakati ngati mfumu ya zitsulo. Pamwamba pa shopu eriyo yawo, yopindika ngati nthiti za ambulera. Wowapotokolera ndi mkazi wawo. Tinaonana ndi mayiyo pakhomo, tinangoyang'anana zikhatho.

Ndinawauza zonse, za waya, za mayi wovina. Ndimati adzidzimuka. Anangotola nsanza n'kumapukuta batire loyera kale. Ndinafunsa za tayi ya mizere ija. Akuti: "Achemwali, mnzako akaona, nawenso umaona. Ukapanda kuona ndiye kuti maso ako ndi amene atha." Ndiye bungwe limenelo. Amuna awiri kuyang'ana mpunga, aliyense kuopa kuti wakhungu ndi iyeyo.

Ndinati nanga ana a m'basi? Akuti msewu ndi wina, kanema ndi wina. Akuti mnzawoyo wayendetsa zaka zambiri osapha ngakhale galu. Akuti ndisamulande munthu chinthu chimene chamutsalira, mkazi anapita, mwana alibe, watsala ndi basi ndi mlongoti. Ngati ine sindinatsale. Ine ndine mbali ya mlongoti.

Ndinawapempha akalankhule nawo, poti amuna amamverana okhaokha. Akuti aona. "Ndiona" wa a Batire ndikumudziwa, ndi yemwe uja anaona tayi.

Zipi zakwera mtengo. Ndagula theka, masiketi ena ndiika mabatani, makolo anene zonena zawo.

Pobwera ndinayenda msewu wa basi dala. Pamphambano paja pali ana ogulitsa ndi njinga zotulukira paliponse. Pa mlatho palibe chotchinga mbali imodzi. Ndadutsapo kambirimbiri, lero m'pamene ndaona kuya kwake.

Lachisanu, pa 10

Kukapereka yunifolomu kusukulu. Chikwama pamutu, mawu okonzeka m'kamwa, ndinawayeseza njira yonse. Mayi ahedi, dalaivala wanu saona. Mawu ochepa chabe.

Basi ili pabwalo, yotsukidwa, pambali pakadali chipsera cha geti. Ahedi mu ofesi, fani ikuzungulira, mafoni awiri kulira mosinthana. Anatambasula diresi limodzi, anayamikira mpendero, anadandaula mabatani. Kenako okha, osafunsidwa: achimwene anu ali bwanji, tawasowa, munthu wosachedwa, wosamwa, ana amamukonda. Akuti makolo ena amasankha sukulu ino chifukwa cha dalaivala wachikulire wodekha. Wodekha! Amayenda pang'onopang'ono chifukwa akupapasa msewu, mayi.

Ndinatsegula pakamwa. Chinatuluka: "Ali bwino, akupereka moni."

Moni amene sanapereke n'komwe. Ine amene ndimaseka a Batire dzulo. Kusiyana kwathu n'kwakuti iwo amanunkha asidi basi.

Chinandigwira n'chiyani? Kuti akamva kuti ndinawaneneza kwa abwana awo sadzandiyankhulanso. Kuti ntchito ikatha lendi igwera makina anga. Kuti ndi achimwene anga, amene ankandibereka kumsana popita kusukulu mvula ikagwa. Zifukwa zilipo zambiri, zonse zabwino, palibe chimene chingadzutse mwana wa munthu.

Potuluka ndinakumana ndi mayi wa mapasa, wabwera kudzalipira. Anandigwira dzanja, akuti anyamata akufunsa za amalume a basi. Ndinayang'ana pansi ngati ndaba.

Kunyumba ndinapeza akundidikira pazenera, kwatentha bwino, ndachedwa kuti. Ndinapotokola. Agwira sitima yapamadzi. Ndinati zikomo, isamire.

Loweruka, pa 11

Takangana.

Zinayamba ndi malaya. Amasita malaya awo a ntchito, okonzekera Lolemba, n'kuika simbi pa chala. Anabisa dzanja kumbuyo ngati mwana. Ndinati basi, zakwana, Lolemba simukwera basi ija. Anaseka. Anayamba kundiwerengera msewu pamtima: potuluka pageti dzenje kumanzere, pa chigayo chitunda, ukamva fungo la buledi uyambe kuponda buleki, pa mlatho ugwire pakati. Anafika mpaka kusukulu osaphonya, nkhope yonyada ngati alakatula ndakatulo. Ndinati maenje sasuntha, achimwene, ana amasuntha.

Apo m'pamene anakwiya. Akuti ndakhala ndikuwafunira zoipa chibwerere. Akuti ukwati unandikanika ndiye ndikufuna wina womulera. Akuti nyumba ino ndi yawo, chitseko chilipo. Ine ndinabweza zanga, sindinasiye ngakhale imodzi. Za alamu, za denga lodontha chifukwa cha mabowo a mawaya awo, za bambo kuitana dzina lawo iwo ali pamwamba kusaka azungu ovina. Aneba anazimitsa wailesi kuti amve bwino.

Za waya ndinazifikitsa pa lilime, ndinazimeza. Sindikudziwa chifukwa. Mwina chifukwa akanati ndikunama, ndipo mboni yanga ndi nkhuku.

Ndinawauza kuti Lolemba ndidzadzuka iwo asanadzuke, ndidzakaima pa geti ya sukulu, ndidzauza kholo lililonse. Akuti ndiyese. Sindikudziwa ngati ndingathe. Dzulo ofesi ya munthu mmodzi inandikanika.

Ndipo mlongoti ndasiya. Ndanena momveka: chitsulo chimenecho sindidzachigwiranso, akafuna akapotokole okha.

Madzulo mvula, mphezi. Anatuluka okha kukazula waya kuopa moto, akupapasa khoma. Ndinawaonera pazenera. Anakhalitsa pa polumikizira paja, zala zikuyenda pa mphira. Ndinakulunga bwino, koma mfundo yanga ndi ya telala, yawo ndi ya dalaivala. Chakudya tinadya aliyense kwake.

Chikwama changa chili pansi pa bedi. Ndachiyang'ana kawiri. Kopita kulibe.

Lamulungu, pa 12

Ndilembe zisanasokonekere.

Masana kutentha kwa pambuyo pa mvula, kopanda mphepo. Foni ya a Batire: kumwamba kwatseguka zenizeni, ngakhale wailesi ya m'shopu ikulankhula zilankhulo. Achimwene anazungulira tebulo, anayatsa kanema, anakhosomola pafupi ndi chitseko changa. Ine ndikungosomeka mabatani. Potsiriza: "Chabwino. Ukhale pampando iweyo, undiuze. Tione ngati uli ndi maso."

Ndinakhala kuti ndiwaseke. Mpando wa khushoni uja, wobooka pakati molingana ndi eni ake. Kanema akungowaza mpunga, phokoso ngati mafuta m'chiwaya. Kunja chitsulo chinayamba kulira. Amapotokola bwino, ndivomere, pang'onopang'ono, osati mwaukali ngati ine.

Mpunga. Mpunga. Ndinati ndiwerenge mabatani otsala. Kenako mpungawo unayamba kupendekera mbali imodzi, mizere yakuda kutsetsereka, kugudubuzika, n'kuima. Dzanja. Mpeni. Mayi.

Mayi ndithu, m'khitchini mwake, akudula nsomba yaikulu pa thabwa. Pakamwa pakuyenda, mawu osamveka. Pakona zilembo zopindika ngati mbedza, sindinazionepo. Bulauzi ya kolala yoyera, yozungulira, yosokedwa ndi munthu wodziwa ntchito. Anatukula maso n'kuyang'ana kuno, pabalaza pathu, pa tebulo lothimbirira tiyi. Tsitsi linandiimirira. Kutali konseko, popanda wotumiza, popanda wolipira, wangogwera pa nthiti za chitsulo zili padenga lathu lodontha.

Ndinamva munthu akukuwa "Pomwepo! Pomwepo!" Ndinali ine. Manyazi ake.

Anamanga chitsulo, ndinamva mapazi akuzungulira nyumba, phewa kugunda chitseko. Analowa akupuma mwamphamvu, anaima kutsogolo kwa kanema, anawerama mpaka mphuno pafupi ndi galasi. Mayi uja ali pomwepo, woonekera bwino kuposa zonse zili pakhoma, akuthira mchere. Anayang'ana, anayang'ana. Anaweramuka.

"Yapita. Umachedwa kuitana."

Mayi akutembenuza nsomba.

Zonse ndinakonza sabata ino, zotukwana, zoseka, palibe chimene chinabwera. Ndinangoti: "Achimwene, akadalipo. Wavala kolala yoyera."

Phokoso la mpunga lokha. Anatambasula dzanja n'kukhudza galasi, chala chopsa chija chinagwera pa tsaya la mayiyo. Anafunsa ngati ali kumanja kapena kumanzere. Ndinati pakati penipeni, pamene mwagwirapo. Anachotsa dzanja msanga ngati apsanso.

Anakhala pansi, pa simenti, pambali pa mpando wawo. Anandipatsa foni kuti ndijambule. Kamera yofooka ija inajambula bwinobwino. Kenako anati ndiwauze zonse, ndisasiye kanthu. Ndinawauza. Mpeni, thabwa, poto wa zigwiriro ziwiri, zenera kumbuyo kwake ndi mtengo wopanda masamba. Zilembo ndinawalembera ndi chala pachikhatho. Anazidziwa. Anatchula dziko, akuti alisaka chiyambire ali ndi tsitsi, a Batire sanaligwirepo. Anafunsa ngati mayiyo akumwetulira. Ndinati pang'ono, ngati munthu wotopa ndi kuimirira.

Anazilala pang'onopang'ono, kolala ndiyo inatsiriza. Ndinati tsopano yapitadi.

Tinakhala. Kenako, osanditembenukira: "Lachiwiri lija panalibe kanthu eti?" Ndinati panalibe. Anagwedeza mutu. Akuti amaona zinthu zikuyenda m'chifungamo, ndiye amazipatsa mayina. Akuti pamsewunso ndi chimodzimodzi, chiyambire mwezi wa geti uja.

Pamsewunso. Ndi ana kumbuyo. Ndinafuna kuwamenya ndi chitsulo chawo chomwe, ndinafunanso kuwagwira mutu. Ndinapita kukatereka madzi.

Za mawa sanatchule. Malaya akadali pa hang'ala, makiyi a basi m'thumba lake. Nsapato zanga ndaika pakhomo.

Lolemba, pa 13

Ndinadzuka kuti ndikaime pa geti paja. Makiyi ali pa makina anga, pamwamba pa mabatani.

Eni ake pakhonde, avala kale malaya a ntchito, opsa pakolala. Akuti ndikapereke ine. Ndinakana. Wabodza apite yekha, ine ndingoperekeza. Anaimba foni kaye kuti kusukulu apeze dalaivala wina wa lero, ahedi kumveka kukuwa mpaka kukhitchini.

Basi inatipitirira pa chigayo, akuyendetsa mphunzitsi wa masewera ndi makiyi ena a ku ofesi, giya kulira ngati akuipha. Achimwene anaima, khutu kutsatira. Akuti munthu ameneyo amaliza kilatchi sabata isanathe. Ana m'mazenera, makolala anga oyera, mapasa kukuwa amalume, amalume. Anakweza dzanja mochedwa, kumbali yolakwika. Anafunsa ngati alimo onse. Ndinati onse.

Kwa ahedi analowa okha. Ndinakhala panja ndi mlonda uja wosuntha geti. Sindinamve zimene ananena. Anatuluka opanda makiyi, ooneka aafupi.

Pamphambano, njinga paliponse, anaima osaoloka. Kenako zala pa chigongono changa chakumanja. Malo omwewo, kagwiridwe komweko. Ndinatsala pang'ono kulira pakati pa msewu. Ndinati musafinye, si mlongoti.

Kuchipatala mzere mpaka panja. Atilembera Lachinayi kuti akapime bwino. Namwino anaunika n'kuti ikuoneka ngati ng'ala, koma anene ndi dokotala. Ngati. Ndagwira "ngati" ameneyo ndi manja awiri. Za lendi sindikufuna kuganiza lero.

Pamzere anapeza wowamvera, mkulu wina wa bandeji kudiso. Foni m'manja, kumuonetsa chithunzi chimene onse awiri sakuchiona. "Tinagwira dzulo, ine ndi mlongo wangayu." Tinagwira. Ndalowa bungwe osafunsira.

A Batire aimba kawiri, akufuna kudzaona. Abwere, aone kolala yeniyeni, apeze mizere ngati angathe.

Masiketi anayi akudikira mabatani. Kunja kwayambanso kutentha kopusa kuja. Ndikumva chitsulo chikulira kuseri, achimwene apita okha, akupapasa khoma. Zachibwana. Munthu wopanda ntchito, wopanda maso, kusaka mayi wa nsomba. Sindipita. Komanso nsomba ija sindinaone ngati anaikazinga kapena

Akuitana. Akuti ndikuona chiyani.